Mayiko Atatu a Bambo Dinyero

Ine Geresomo Zuze ndikafuna kuti anthu a ku Italy, ku Japan ndi ku Brazil atchule dzina la Marka masana amodzi, amalitchula, ena mpaka kulimbirana. Sekani ngati mukufuna. Anandisekanso pamene ndinkagulitsa mchere pa njinga kuchokera ku Marka mpaka ku Bangula, koma lero malole anga amagona ku Beira, ndipo pasipoti yanga yadzaza zidindo za ku Joni, ku Dubai ndi ku China.

Wailesi yolankhulirana ndinaiona koyamba ku Joni, kwa mkulu wina wogulitsa matayala. Ndinagula yanga, nkutenga laisensi, nkuimika mlongoti womwe umaoneka munthu asanalowe pa boma la Nsanje. Kenaka ndinaika nodi. Nodi ndi kakompyuta kokhala kuseri kwa matumba a mchere mu shopu mwanga pa bomapo, ndipo ntchito yake ndi kulengeza. Ukamva munthu akuitana pa wailesi, umalemba dx, nambala ya pomwe wamumvera, ndi dzina lake la pa wailesi. Mzere umenewo umathamangira ku manodi ena a dziko lonse, ndipo anthu akutali amatembenuzira milongoti yawo kuno. Mayina athu a ku Malawi amayamba ndi 7Q, ndipo ndife osowa ngati mvula ya Okutobala kwa Chapananga. Akangoona 7Q, amagwa ngati mbalame m'munda wa mapira.

Pali mwambo umodzi: sudzilengeza wekha. Ine ndinkadzilengeza. Nodi ndi yanga, magetsi ndimalipira ndine.

Mnzanga pa zimenezi anali bambo Augustino Dinyero, omwe anapuma ntchito ya ukalaliki pa chipata cha malire cha Marka, nkukhazikika komweko. Kawailesi kawo kanali kofooka, ka batire la sola, ndipo m'malo mwa mlongoti anali ndi waya womangirira pa mtengo wa nimu. Popanda wina wowalengeza, mawu awo ankangomira m'phokoso. Komabe pang'onopang'ono analankhula ndi mayiko makumi asanu ndi anayi kudza asanu ndi awiri. Satifiketi imaperekedwa ukafika zana. Anali ndi msomali pakhoma, wokhomeratu.

Tsiku lina nditadzilengeza kangapo, mkuluyo anafuna kundidzudzula pa nodi pathu, pomwe timawerenga ife ochepa a kuno ndi a ku Tete. Koma m'malo molemba announce, analemba announce/full, lomwe limatumiza mawu ku dziko lonse. Choncho kuyambira ku Cape Town mpaka ku Norway anawerenga kuti: A Zuze, ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika. Mmalawi wina wa ku Joni anawamasulira. Mjeremani wina anayamba kundiitana kuti Bambo Ng'oma.

Ndinakhala pa kompyuta mutu ukutentha, nkulemba set/baddx ndi dzina lawo. Lamulo limeneli tinalipatsidwa eni manodi kuti tizitsekera akuba mayina ndi anthu onama. Kuyambira pamenepo aliyense wowalengeza kudzera pa nodi yanga, mzere wake unkafera kuseri kwa mchere. Ndinati ndiwasiye sabata imodzi alawe. Kenaka lole inafa ku Mwanza, ndinapita ku Beira, ndipo ndikakumbukira ndinkati mawa.

Bambo Dinyero anandiimbira foni.

“A Zuze, shamwali, kodi mukundimva pa wailesi? Ndikalemba sh/dx kuti ndione olengezedwa, dzina langa silikutuluka. A ku Tete akuti andilengeza, koma palibe.”

Ndikanatha kunena pomwepo. Koma pakamwa panga panatuluka zina.

“Ndikukumvani pang'ono, akulu. Mwina ndi waya wanu.”

“Waya eti? Takhuta, zikomo, ndiuona.”

Amene anandiimbira pambuyo pake anali Rute, mwana wawo wamkazi, namwino wa ku Lilongwe. Anati bambo ake anakwera mu nimu kukakweza waya, nthambi nkuthyoka. Fupa la m'chiuno linang'aluka. Atuluka m'chipatala, koma Loweruka akuwatenga, akakhale naye m'nyumba ya lendi komwe ngakhale chingwe choyanikira zovala chimafuna chilolezo.

Mkazi wanga Filomena anandipeza nditagwira foni ngati yatentha.

“Bambo a Paulo, mwamva maliro?”

Ndinamufotokozera. Sanakweze mawu.

“Inu mwaona Dubai, koma ku Marka kwakutalikirani? Nyamukani.”

Ndinalemba unset/baddx, lamulo lotsegula. Chitseko chinatseguka mosavuta, ngati sichinapweteke munthu. Lachinayi m'mawa ndinagwetsa mlongoti wanga, nkuukweza pa lole pamodzi ndi wailesi yanga yaikulu ndi mabatire.

Ndinawapeza atagona pa khonde, pa matiresi, ndodo ili pambali. Waya unali lende mu nimu, nthambi yothyoka ikadali pansi.

“Onani Bambo Ng'oma abwera ndi gule yense,” anatero akuseka. “Rute, apatse mpando. Ameneyu ndiye mnzanga, ena onse angotumiza mameseji.”

Mpandowo sindinaukhalire. Ndinakhala pansi, pa simenti yotentha.

“Akulu, waya wanu unalibe vuto. Ndine ndinakutsekerani pa nodi. Chifukwa cha ng'oma ija.”

Rute anaima pakhomo ndi beseni m'manja.

“Ndiye pamene munkati mwina ndi waya, munkadziwa?” anafunsa mkuluyo.

“Ndinkadziwa.”

“Mutuluke pano,” anatero Rute. “Bambo anga sadzayendanso bwino chifukwa cha manyazi anu? Tengani zitsulo zanuzo.”

“Taima, mwanawe.” Mkuluyo anadzikoka nkutsamira khoma, nkhope itakwinyika ndi ululu. “Chiuno sangandibwezere, ngakhale agulitse malole onse. Nimu ndinakwera ndekha, ndi ukalamba wanga. Koma nyengo yabwino ya wailesi yadutsa ine ndikukuwa ngati wamisala. A Zuze, muli nane ngongole ya mayiko atatu. Loweruka ndikupita.”

“Ndibweza, akulu. Ndikapanda kubweza mundichotse dzina.”

“Dzina lanu ndani angalichotse? Lili ponseponse ngati fumbi.”

Tinaimika mlongoti ndi madalaivala anga, dzuwa likuwotcha zitsulo moti tinkazigwira ndi masaka. Masana ndinaika maikolofoni pachifuwa pawo. Pa foni yanga ndinalowa mu nodi nkulemba dx, nambala, dzina lawo, ndi mawu akuti: Marka, kumalire a Mozambique, masiku omaliza pa wailesi.

Sipanapite nthawi. Sipika inaphulika. Ataliyana, Ajeremani, Arasha, Mjapani mmodzi wouma khosi, onse pamodzi ngati minibasi zolimbirana munthu mmodzi pa depoti. Marka! Marka! Anthu opita ku msika wa pamalire anaima pa mpanda ndi njinga zawo. Mayi wina wosenza nsomba anafunsa m'Chisena ngati kwagwa nkhondo.

Koma mayiko onsewo mkuluyo anali nawo kale. Ankawayankha mmodzimmodzi, mwaulemu wa kalaliki, thukuta likutsika. Tsikulo tinapeza limodzi lokha latsopano, Malta, kamunthu ka mawu ang'onoang'ono komwe ndinakamva pansi pa phokoso.

Ndinagona m'lole. Rute sanandipatse ngakhale madzi, ndipo sindinapemphe.

Lachisanu ndinasintha nzeru. Ndinapempha mkuluyo anditchulire mayiko omwe alibe, nkuwalemba pa mzere wolengeza, ndi pempho loti ena adikire. Ndinalembera eni manodi anzanga a ku Joni ndi ku Lisbon pa lamulo la talk, lomwe limapita kwa munthu mmodzi. Wa ku Joni anafunsa chifukwa chomwe dzina la mkuluyo linasowera nthawi yonseyi. Ndinamuuza zoona. Anayankha liwu limodzi lomwe sindingalilembe pano, kenaka anawalengeza.

Ataliyana sadikira, koma ena anadikira. Dzuwa litapendeka kunabwera Iceland. Mtima wanga unadumpha, chifukwa Iceland ngakhale ine ndilibe, ndipo ndakhala ndikuisaka chigulire wailesi. Dzanja langa linayamba lokha kupita ku maikolofoni. Mkuluyo analiona.

“Mukufuna mulankhule naye, shamwali?”

“Ayi, akulu. Pitirizani, mphepo isanatembenuke.”

Munthu wa ku Iceland anatsanzika, nkuzimirira.

Kenaka kunangoti zii. Mawu a ku Ulaya anayamba kumira mmodzimmodzi, monga zimachitikira dzuwa likamatsika. Mkati Rute ankakoka zipi za masutikesi. Mkuluyo anaitana, naitananso, mawu atasasa. Ndinathamangira ku mlongoti nkuutembenuza ndi manja kuloza kumadzulo, kupyola mapiri, chitsulo chikundisupula zikhatho.

“Itananinso, akulu!”

“Ndatopa, a Zuze.”

“Kamodzi kokha. Rute, mlongo wanga, tawapatsa madzi.”

Rute anandiyang'ana moipa, koma anabweretsa kapu, nawagwirizira mutu. Anamwa, naitana.

Kunayankha mayi, mawu ake akukwera ndi kutsika ngati bwato pa Shire. Anatchula dzina la mkuluyo bwinobwino, natchula lake, nati ali ku Uruguay. Mkuluyo anamupatsa lipoti la mphamvu ya mawu, mayiyo anabweza lake, nafunsa kuti Marka ili kuti.

“Kumapeto kwa Malawi, mayi,” anayankha m'Chingerezi chawo cha pa chipata. “Mukapitirira pamenepa mwatuluka.”

Anazimitsa wailesi okha. Maso awo anali ku nimu. Ine ndinaima pa dzuwa ndi manja otupa, osadziwa ngati ndikwere pa khonde.

“Rute,” anatero, “uwapatse madzi a Zuze.”

“Bambo, munthu ameneyu...”

“Chiuno tidzakambirana kumwamba. Za pansi pano wabweza. Malta, Iceland, Uruguay. Atatu, okwana.”