Chikwangwani Kutsidya kwa Ngalande

Pa esiteti chilichonse chimayenda pamzere: tiyi, nyumba za antchito, ngakhale anthu opita kusikelo. Ndiye okonza misewu atapatsidwa chikwangwani cha malo oimikapo galimoto za anthu aulumali pa kiliniki ya pa esitetipo, anangokoka chingwe chodzalira tiyi n'kuchizika pamzere wa zikwangwani zinzake, kutsidya kwa ngalande. Chinaoneka bwino kwabasi. Kungoti khomo la kiliniki linatsala tsidya lino.

Amene anaziona ndi a Lestina. Amuna awo, a Mervin, anakhala kapitawo wa otchola tiyi zaka makumi awiri ngozi ya minibasi isanawapundule miyendo. Lachinayi lililonse, popita kukalandira mankhwala, galimoto ya hayala inkaima pachikwangwanipo, poti pakhomo alonda ankathamangitsa, ndipo a Lestina ankabereka amuna awo kuoloka ngalande, njinga yawo ya aulumali n'kubwera pambuyo. Anthu amene a Mervin ankawakalipira kumunda ankayang'ana kumbali. Manyaziwo ankawawa kuposa miyendo. Mwezi wachitatu a Mervin anati basi, mankhwalawo atsale, iwo si khanda.

A Lestina zinawakwana. Anapita kwa manijala wa esiteti atanyamula pepala la ku bungwe la anthu aulumali, lonena kuti malo otere azikhala pafupi ndi khomo, posalala. Manijalayo, a Dixon, munthu wa tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo, anati chikwangwani chilipo kale, mayiwa akufunanso chiyani?

A Lestina anawatengera pachikwangwanipo n'kuwakankhira njinga ija. "Bwana, tangokhalani apa, muyambire pachikwangwani mukalowe nokha m'kiliniki. Mukalowa, ine simundionanso."

Amayi otchola anali ataima pamsewu, madengu kumsana, ndiye pothawira panalibe. A Dixon anakhala n'kuyamba kupalasa. Gudumu lakutsogolo linatitimira m'ngalande, bwana n'kutera ndi mawondo m'matope ofiira. Palibe amene anaseka mokweza, koma madengu onse ankagwedezeka.

Lachinayi lotsatira chikwangwani chinali pakhomo penipeni, pansi atapaka utoto wabuluu. A Mervin, amene anabwera mochita kukakamizidwa, anatsikira panjinga yawo n'kupalasa okha, a Lestina ali pambuyo manja m'chiuno, mtima uli mbee. Atafika pamtengo wa chikwangwani a Mervin anaimitsa njinga, n'kuuyeza ndi diso limodzi.

"Wazika mtengowu ndani? Wapendekeka. Abwere kuno."

Okonza misewu anathamangira makasu. A Lestina anaseka mpaka misozi, poti mawu a kapitawo amenewo anali atawasowa chaka chathunthu.