Chiphaniphani cha pa Khoma la a Mawaya

Vuto linalowa m'shopu ya a Mawaya m'mawa, litanyamula nyali ya sola m'jumbo. Anali mayi woluka tsitsi, mnzawo wa ponda apa n'pondepo wa a Changu, akazi a Mawaya. Moni sanapereke. Anangoika nyaliyo pa tebulo, pakati pa timawaya ndi mabatire akufa, n'kunena kuti ku kampani aikana.

Kuti mumve bwino, nkhani yake inayamba chonchi. A Mawaya amakonza nyali za sola ndi mawailesi. Luso ali nalo, zimenezo palibe angatsutse, koma pakamwa ndi polemera. Kasitomala akalowa amangoti siyani pamenepo, basi. Kashopu kawo kanapanikizika pakati pa butchala ndi wometa, moti anthu ankadutsa osakaona. Pakamwa ponse panapita kwa akazi awo. Ndipo dzina loti Changu silinabwere chabe: mayi amenewa amayamba kuthamanga asanamve kumene atumidwa.

Nyali zambiri m'dera lawo ndi za kampani ya Chiphaniphani, zija zili ndi kachizindikiro ka chiphaniphani chachikasu pamwamba. A Changu anaona kuti anthu amakhulupirira kachirombo kameneko kuposa abale awo. Ndiye anagulitsa makina osokera amene anawasiyira malemu mayi awo, n'kuitana wolemba zikwangwani. Khoma lonse linapakidwa chikasu ndi chakuda, mitundu ya kampaniyo. Pakati anajambulapo chiphaniphani chachikulu ngati mbuzi, ndipo pansi pake analembapo kuti CHIPHANIPHANI, MALO OKONZERA NYALI. Dzina la a Mawaya silinaoneke paliponse. Sanalekere pomwepo. Anagula malaya akale a kampaniyo kwa ogulitsa zovala zakale, n'kudulapo chizindikiro, n'kuchisokerera pa thumba la ovolosi ya amuna awo. Anasoka pamanja, paja makina anali atapita.

A Mawaya anang'ung'udza kuti iwo sanalembedwe ntchito ndi kampani iliyonse. Akazi awo anawafunsa kuti nanga nyali zimene amakonza tsiku ndi tsiku ndi za ndani, bodza lili pati. Bambo anangoweramira pa wailesi. Pa mpopi amayi akafunsa ngati ndi zoona kuti a Mawaya atengedwa ndi kampani, a Changu ankangomwetulira n'kumakonza duku. Sankavomera, sankakananso.

Makasitomala anayamba kusefukira. Mmodzi mwa iwo anali woluka tsitsi uja. Nyali yake inali yatsopano, ndipo pogula anamulonjeza kuti ikawonongeka chaka chisanathe adzamupatsa ina ulere, bola wina asaitsegule. Itazima, anaona chiphaniphani pa khoma n'kuganiza kuti wafika kwa eni ake. A Changu anailandira okha ndi manja awiri. A Mawaya anaitsegula, anapeza kuti m'kati munapsa, sizingatheke. Mayiyo atapita nayo ku sitolo yeniyeni ya kampani, ogulitsa anangoyang'ana zomangira zokandika n'kumubwezera. Tsono kachipinda kamene amalukiramo kalibe zenera. Popanda nyali, ntchito palibe.

"Ndimayesa ndinu a kampani, asisi," anatero m'mawa umenewo. "Mukanangondiuza."

"Inunso simunafunse," anayankha a Changu.

Mawu amenewo ndi amene anawononga zonse. Mayiyo anatola nyali yake, ulendo ku ofesi yoona za malonda.

Kuchokera ku ofesiko kunabwera mayi wina wamfupi, wa nsapato zafumbi. Anaima kutsogolo kwa khoma n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Wometa anasiya kasitomala atametedwa mbali imodzi kuti asaphonye kanthu. A butchala anatuluka mpeni uli m'manja. Mayi wa ku ofesiyo anafunsa ngati kampani inawalola kugwiritsa ntchito chizindikiro chake. A Mawaya anapukusa mutu. Iye anawauza mosapsatira kuti eni chizindikiro nawonso adandaula, ndipo ngati khomalo silisintha sabata isanathe, shopu itsekedwa, nkhani ikathera ku khoti.

A Changu mtima unawawa. Anafunsa mokalipa ngati munthu wosauka saloledwa ngakhale kutchula dzina la nyali imene akukonza.

"Kutchula mukhoza, mayi," anatero wa ku ofesi, atakhala pa kabenchi ka makasitomala. "Lembani dzina lanu pamwamba, lalikulu. Pansi pake, m'malemba wamba, nenani kuti mumakonza nyali za Chiphaniphani. Pamenepo mwangonena zoona. Koma chithunzi chawo, mitundu yawo, yunifolomu yawo, zimenezo zimauza munthu kuti kampani ili muno, ndipo ikuyankhira ntchito yanu. Kodi ikuyankhira?"

Iye anapitiriza kuti dzina la kampani lisalowe m'dzina la shopu, lilembedwe monga eni ake amalilembera, ndiponso aonjeze poonekera kuti iwo si nthambi ya kampaniyo. Anati ngati akufunadi chiphaniphani pa khoma, apite akapemphe kwa eni ake, akavomera awapatse chilolezo cholembedwa. Kwa a Mawaya anati nyali iliyonse asanaigwire azifunsa kaye ngati lonjezo la kampani lidakalipo.

Zolipira wolemba zikwangwani kachiwiri panalibe. A Changu anasungunula okha laimu mu ndowa, n'kukwera pa mpando dzuwa likuswa mtengo. Akapaka, pakauma, chikasu chija n'kutulukanso ngati mzukwa. Apakenso. Laimu ankawadontherera m'maso ndi pa chitenje, msewu wonse ukuonerera.

"Pepani mlamu," anatero wometa ali pa khomo pake. "Ndamva kuti kampani yakuchotsani ntchito."

Anthu anaseka mpaka a butchala anatsokomola. A Changu sanacheuke. Atatsika anatenga lezala n'kusomola chizindikiro cha pa ovolosi, ulusi umodziumodzi, n'kuganiza za makina a mayi awo amene tsopano akusokera munthu wina. Amati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Nanga yongotola mwini wake osadziwa?

A Mawaya anachotsa nyali ya m'nyumba mwawo, yabwinobwino, n'kuuza akazi awo kuti akapereke okha kwa woluka tsitsi. Mayiyo anailandira, anathokoza mwaulemu ngati akuthokoza mlendo, koma mpando sanawapatse. Mpaka pano tsitsi la a Changu amaluka ndi munthu wina.

Chikwangwani chatsopano analemba a Mawaya ndi dzanja lawo, malemba opendekera pang'ono: KWA MAWAYA. Pansi pake: Timakonza mawailesi ndi nyali za sola, za Chiphaniphani ndi zina. Sitili nthambi ya kampani iliyonse.

Poyamba kunali zii. Ena ankabwera ndi nyali zatsopano, a Mawaya n'kuwabweza kuti apite kwa eni ake akalandire zina ulere. A Changu ankaluma mlomo poona kasitomala akutuluka ndi katundu wake. Koma anthu omwewo anayamba kuuzana kuti pali bambo amene sakudyera munthu, ndipo ankabwera ndi mawailesi awo, ndi nyali zakale, ndi za apongozi awo. Mayi wa ku ofesi anadutsanso, anawerenga chikwangwani, n'kunena kuti tsopano zili m'malo. Shopu sinatsekedwe. Kabenchi kamadzaza, ndipo amene amakhalapo amadziwa kuti abwera kwa a Mawaya.

Phunziro lake ndi ili. Dzina ndi chizindikiro cha kampani ndi katundu wa eni ake. Mukhoza kutchula dzinalo ponena zoona za zimene mumagulitsa kapena kukonza, koma osajambula chizindikiro chawo, osavala mitundu yawo, osachititsa anthu kuganiza kuti ndinu a kampani pamene simuli. Mukachifuna, pemphani chilolezo. Khoma limapakidwanso laimu, koma mnzanu amene munamupusitsa sabwereranso ngati kale.