Difu ya kwa Jailosi

Lachisanu pa 9 Febuluwale 2024, masana, galimoto ya Binwell Chikaonda inathyoka pamsewu wa tala itatsala pang'ono kufika ku Lisungwi. Pampando wakumbuyo panagona mkazi wake Callista, woyembekezera wa miyezi isanu ndi itatu, akutaya magazi.

Galimotoyo inali yakale, yaing'ono, yokoka ndi matayala akutsogolo okha. Binwell ankanyamulira mbatatesi ndi manachesi. M'chilimwe inkayenda bwino. M'dzinja inkalephera pa Chakwiya, chitunda cha katondo chomwe aliyense wochoka kumudzi kwawo amakwera asanatsetserekere kumsewu waukulu. Matayala akutsogolo ankangozungulira pamodzimodzi, akumbuyo ali duu.

Mu Januwale 2022 inatitimira pomwepo, Callista atayamba matenda a mwana woyamba. Anthu anamunyamula pamachira. Mwanayo anabadwa wakufa, ndipo azimayi anakamuika okha, popanda kulira maliro.

Callista ataimanso, Binwell anapita kwa mlamu wake Gregory, mlongo wa Callista, yemwe ankakonza zigayo ndi njinga zamoto m'mudzimo. Unali mwezi wa Okutobala 2023.

"Alamu, ndikufuna izikoka ndi matayala onse anayi."

"Kachikumbu kanu kaja? Bwanji osangogula ng'ombe ziwiri, muzimangirira kutsogolo?"

"Achemwali anu ali ndi pakati. Adzachira mu Malichi, mvula ili mkati."

Gregory analeka kuseka. Madzulo ake anakwawira pansi pa galimotoyo, ndipo atatuluka ananena zofunika: giyabokosi ina yotulutsa mphamvu kumbuyo, shafuti yaitali yodutsa kunsi, ndi difu, chitsulo chogawira mphamvuyo ku matayala awiri akumbuyo.

Giyabokosi ndi shafuti anazipeza ku Lisungwi kwa Jailosi, wogulitsa zitsulo za magalimoto ochita ngozi. Zinachoka pa galimoto ya mtundu womwewo, koma iyo inagundidwa kumbuyo ndipo difu yake inasweka. Jailosi anagubuduza ina kuchokera pansi pa mulu.

"Imeneyi ndi ya galimoto yanji?" anafunsa Gregory.

"Inu mukufuna dzina kapena chitsulo? Ilowa, bwana. Ikapanda kulowa mudzandigende nayo."

M'magalaji a kuno mawu amenewo amathetsa mkangano. Chitsulo chikalowa, mabowo n'kulunjikana, mabawuti n'kumanga, ndiye kuti n'chake.

Ntchito inachitikira pakhomo pa Binwell, galimoto itakhazikidwa pa zitsa. Gregory anadula kunsi, anawotcherera zogwirizira, anasuntha thanki ya petulo. Difu inalowa bwinobwino. Palibe anaitsegula. Mano a magiya ake sanali ofanana kuchuluka ndi a kutsogolo, choncho matayala akumbuyo ankafulumira pang'ono kuposa anzake.

Anaiyesa pakati pa Januwale, mvula itagwa kwambiri. Anasankha Chakwiya, poti ndi pomwe anaikonzera. Inakwera mosakayika, ikumwaza matope mbali zonse, ndipo azimayi omwe ankabandira m'minda anaimba nthungululu. Callista anali pampando wakutsogolo, atagwira mimba ndi manja onse.

"Achimwene, mwaidyetsa chiyani?" anafunsa.

"Mankhwala a kwa Jailosi," anayankha Gregory. "Mwanayo mudzamutche Difu."

"Mutche wanu."

M'matope tayala limaterereka, ndipo kusiyana kuja kunkathera m'kutererekako. Za tala sanaziganizire. Galimoto yogonjetsa Chakwiya, tala ingaivute pati? Komanso petulo ankasowa. Binwell anasunga yemwe anali naye m'chigubu, kudikira tsiku lokasiya Callista kuchiyembekezo kumayambiriro kwa Malichi.

Magazi anayamba m'mawa wa pa 9 Febuluwale, Callista akusesa pabwalo. Binwell anathira petulo. Mayi ake a Callista, a Felista, anakhala kumbuyo n'kutsamiritsa mutu wa mwana wawo pamiyendo. Gregory anakhala kutsogolo, thumba la masipanala lili kumapazi. Chakwiya anakwera osaima. Anawoloka timitsinje tiwiri todzaza, natsetsereka mpaka kumsewu waukulu.

Matayala atangogwira tala, galimoto inalemera ngati wina waponda buleki. Chiwongolero chinauma. Kumbuyo kunayamba kulira, ndipo fungo la labala wopsa linalowa m'kati.

"Mwatsitsa handibuleki?" anafunsa Gregory.

"Ndatsitsa kalekale."

Gregory anatulutsa mutu pawindo n'kuyang'ana tayala lakumbuyo. Linkakhula msewu, likusiya mzere wakuda.

"Alamu, imani. Akumbuyo akukankha, akutsogolo akukana. Zikulimbana. Ndichotse shafuti, pa tala pano iyenda ndi awiri ngati kale."

"Mutenga nthawi yaitali bwanji?"

"Mabawuti ndinamanga kwambiri. Koma ndiyesetsa."

"Chitenje chachiwiri chanyowa," anatero a Felista. Sanakweze mawu. "Manja ake akuzizira."

Binwell anayang'ana pagalasi. Callista anali atatsegula maso, milomo itayera.

"Bambo," anatero Callista, "mwana sakugunda."

Binwell anaponda moto.

"Alamu, muithyola!"

"Ithyokere pachipatala."

Inayenda kamtunda ndithu, ikunjenjemera thupi lonse. Madenga a malata a ku Lisungwi anali ataoneka. Kenako kunsi kunamveka phokoso ngati mfuti. Chitsulo chinamenya pansi pa mipando, galimoto inakhotera kumanzere n'kuima, matayala akutsogolo atakanirira. Oyilo wakuda anayenderera pa tala. Giyabokosi inali itang'ambika.

Anayesa kukankha, koma sinasunthe. Wa kabaza anaima, anasuzumira pampando wakumbuyo, napukusa mutu: munthu wosatha kukhala tsonga sangakwere njinga. Minibasi yoyamba inadutsa itadzaza mpaka pakhomo. Yachiwiri Gregory anaiimira pakati pa msewu, manja ali m'mwamba, mpaka inaima.

"Mukufuna kufa, madala?" anakalipa kondakitala. Ataona chitenje cha a Felista anatembenukira m'kati. "Mzere wakutsogolowu, tsikani. Tsikani msanga!"

Callista anafika kuchipatala atakomoka. Anamuchita opaleshoni masana omwewo. Nsengwa inali itayamba kuchoka nthawi isanakwane. Mwana anatuluka wamkazi, wamoyo, wochepa thupi kwambiri, ndipo anamuika pa mpweya. Gregory anapereka magazi. Magazi a Binwell sanagwirizane ndi a mkazi wake.

Loweruka anthu anakoka galimoto ija ndi ngolo n'kuisiya m'mbali mwa msewu. Binwell sanapite kukaiona. Iye ndi Gregory anakhala pa benchi imodzi pakhonde la wodi.

Lamulungu m'mawa, pa 11 Febuluwale, namwino wina dzina lake Ruth anatuluka m'wodimo. Binwell anaimirira.

"Asisita, kodi tikanafika msanga..."

"Zimenezo sindingadziwe, bambo. Mwana wayamba kulandira mkaka wa m'kachubu."

"Nanga mayi ake?"

"Akupuma okha. Impso ndi zomwe tikuyang'ana. Adokotala aona masana ngati tiwatumize ku Blantyre."

Pofika masanawo Callista anali asanatsegule maso.