Kwadi Imene Inkaliza Mluzu

Mluzu unayamba mu Okutobala, nyengo imene dzuwa la ku Kitwe limawotcha ngakhale munthu ali pamthunzi. Nelia Daka anali pa kwadi, njinga yamoto ya mawilo anayi ija, akupita ku dziwe lakumapeto ndi matumba a chakudya cha nsomba atamangidwa kumbuyo. Atasiya kukanikiza mafuta kuti akhote pa chulu chachikulu, anamva kanthu kakuti fwiii, koonda ngati ulusi, kochokera penapake pansi pa mawondo ake. Atakanikizanso mafuta, kanatha.

Nelia ankayang'anira maiwe a nsomba pa famu ina kuseri kwa Riverside, kumene nyumba zimathera ndipo dambo limatsetsereka kunka ku mtsinje wa Kafue. Mwini famu ankakhala ku Kanini, ku Ndola, ndipo sankabwera kawirikawiri. Kwadiyo ndiyo inali miyendo ya Nelia. Popanda iyo, matumba akanayenda pamutu.

M'mawa injini inkalira bwinobwino. Koma dzuwa likafika pamutu, maiwe atayera ngati malata ndipo phiri lakuda la kumgodi likuoneka ngati likuyandama mu nthunzi, mluzu uja unkabwera. Felistus, mnzake amene ankathandizana naye kudyetsa nsomba, anaumva tsiku lina ali m'mphepete mwa dziwe, naseka.

"Kwadi yako yapeza chibwenzi," anatero. "Ikuitana munthu."

Nelia anaseka nawo, koma mtima sunakhale pansi. Makaniko wina wa mutauni anabwera m'mawa, injini ili yozizira. Anamvetsera, sanamve kanthu, anasintha pulagi n'kumapita. Masana mluzu unabweranso. Unayamba kumutsata Nelia ngakhale akatsamira khoma la sitolo kuti apume. Akangotseka maso ankauona ngati kanjira koyera kodutsa pamwamba pa madzi, iye akukatsata osadziwa kumene kakupita.

Anaganiza za atate ake.

A Wilbroad Daka anachoka ku Katete ali mnyamata, nagwira ntchito pansi pa mgodi zaka zambirimbiri, kukonza mainjini a zigalimoto zokumba miyala. Atapuma, anakakhala ku Chifubu, ku Ndola. Nelia ankakumbukira ali wamng'ono, anthu akukankhira magalimoto awo pabwalo la nyumba yawo. Atate ake ankaika nsonga ya sikurudiraiva yaitali pa injini, chogwirira chake n'kuchiika kukhutu, n'kutseka maso ngati ali pa Misa. Kenako ankatchula matenda a galimotoyo.

Nelia ataimba foni, anayankha ndi amayi ake, phokoso la msika wa Chifubu likumveka kumbuyo.

"Atate ako foni saifuna masiku ano," anatero amayi. "Ndiuze ine, ndikawauza."

Loweruka a Wilbroad anatsika minibasi pamphambano, ovolosi yakale ili m'pulasitiki, kachikwama ka masipana kali m'khwapa. Nelia anawona kuti awonda pang'ono. Anawagwadira pang'ono powalandira chikwama.

"Mwayenda bwanji, atate? Amayi ali bwanji?"

"Eya, eya, kwatentha," anayankha a Wilbroad, akumwetulira.

Felistus anawapatsa moni wa Chibemba, "Mwapoleni mukwai, ba Daka," iwo n'kuwomba m'manja pang'ono. Anavala ovolosi, nazungulira kwadi ija mwakachetechete. Anagwedeza ekizozi, anayang'ana oilo, ananunkhiza chala. Nelia anawafotokozera zonse akumasula zingwe za matumba, nkhope ili pansi. Atadzuka anapeza atate ake akuyang'ana akakowa amene anali ataima m'madzi osaya.

"Tiye tiyende nayo," anatero a Wilbroad. "Matenda a injini sabwera uli chiimire."

Anakwera kumbuyo, Nelia akuyendetsa. Anadutsa pakati pa maiwe, fumbi lofiira likukwera pang'onopang'ono kumbuyo kwawo n'kutsala lili lende m'mwamba. Kunalibe mphepo. Nsomba zinkabwera pamwamba, n'kutsegula timilomo, n'kumiranso. Pamene injini inatentha, Nelia anasiya mafuta pa chulu chija. Fwiii.

"Mwaumva, atate?" anafuula.

"Pitanso."

Anazungulira nabwereranso. Mluzu unalira momveka bwino kuposa masiku onse.

"Ndi umenewo!"

"Pitanso, mwanawanga."

Anazungulira mpaka thukuta linanyowetsa msana wake. Pomaliza a Wilbroad anamugwira paphewa kuti aime pansi pa mtengo wa msuku umene unali pafupi ndi dziwe lakumapeto. Nelia anazimitsa injini. Pomwepo phokoso la nyenje linawagwera ngati mvula. Zinali mumtengomo, zinali m'tchire lonse mpaka kumtsinje, zikulira mogonthetsa m'khutu.

A Wilbroad anakhala pa muzu, napukuta nkhope ndi chipewa. Anayang'ana m'mwamba mwa mtengo, kuwala kukugwera m'maso mwawo kudzera m'masamba.

"Chaka chino nyenje zachedwa," anatero. "Kwathu ku Katete nthawi ino sukanatha kumva mnzako akulankhula. Mwina mvula ichedwanso."

Nelia anangoima. Anayang'ana mtengo, anayang'ana atate ake. Anakumbukira foni ija, ndi yankho la pamphambano lija. Anakumbukiranso Khirisimasi yapita, atate ake atakhala pakona, akuseka mochedwa ena onse atamaliza kale kuseka. Iye ankayesa ndi ukalamba chabe.

Anabwera kutsogolo kwawo, nagwada kuti nkhope zawo zilingane. Anasongola milomo, naliza mluzu woonda, wofanana ndi wa kwadi uja. Analiza mluzuwo nthawi yaitali mpaka mpweya unamuthera.

A Wilbroad anayang'ana milomo ya mwana wawo. Kumwetulira kunachoka pang'onopang'ono.

"Ukuliza mluzu," anatero.

Nelia anagwedeza mutu movomera.

"Ndipo nyenje zilipo."

"Zilipo, atate. Zambiri."

Kakowa mmodzi anauluka, nadutsa pamwamba pa dziwe, chithunzi chake chikumutsata m'madzi.

"Zoonda zonse zinandichoka," anatero a Wilbroad, akuyang'ana manja awo. "Mbalame zinayamba. Kenako azimayi a kwaya ku tchalitchi. Ndimawaona atsegula pakamwa, koma ndimamva ng'oma yokha ndi mabesi. Amako akalankhula atandifulatira, zimakhala ngati ali kutsidya la mtsinje. Zitsulo za pansi paja zinadya makutu anga, manje ndi pamene zikumaliza. Pamene amako anati Nelia akukufunani, ndinati mwina ndikafika ndikamva."

Nelia anafuna kunena kuti basi, tiyeni tikamwe madzi, kwadi tidzaiona tsiku lina. Koma atate ake anali ataimirira kale, akukung'untha ovolosi.

"Sindinakwere basi kudzaona nsomba," anatero. "Iwe ubweretse makutu, ine ndibweretsa manja. Koma uzindiyang'ana polankhula."

Nelia anapukuta m'maso ndi mkono, naima moyang'anizana nawo.

"Umabwera liti?"

"Injini ikatentha."

"Ukamakanikiza mafuta kapena ukasiya?"

"Ndikasiya."

"Umagogoda? Kapena umakhala ngati chitsulo chikukhula chinzake?"

"Ayi. Ndi mluzu chabe. Wosalala."

A Wilbroad anagwedeza mutu, maso awo atayamba kuwala. "Chitsulo sichiliza mluzu, mwanawanga. Chitsulo chimagogoda, chimakukuta. Choliza mluzu ndi mpweya wodutsa pa kabowo kakang'ono. Injini yako ikupumira pamalo posayenera. Iyatse."

Nelia anayatsa, nakanikiza mafuta, n'kusiya. Mluzu unatuluka ndipo sunathe, unangotsala ukulira pansipansi. Iye anakweza chala kuwauza kuti ulipo. A Wilbroad anagoneka chikhatho pa thanki, natseka maso monga kale.

"Ikupuma mosalingana," anatero. "Ikukwera, ikutsika, ngati munthu akulota akuthamanga. Ukumva?"

Nelia anaika chikhatho chake pafupi ndi chawo. Poyamba anangomva kunjenjemera. Kenako anazindikira kuti kunjenjemerako kunali ndi mafunde, kukwera ndi kutsika. Anali atayenda pa kwadiyo nthawi yonseyi osakuzindikira.

A Wilbroad anapita m'mphepete mwa dziwe, akuyang'ana pansi ngati ataya ndalama. Anabwerako ndi kanthenga ka kakowa, kofewa, kopepuka. Anachotsa mpando wa kwadi ndi chipulasitiki cha m'mbali, nagwada. Anayendetsa kanthengako pang'onopang'ono kuzungulira kabureta, kumene mafuta amasakanikirana ndi mpweya. Kanthenga kankangogwedezeka ndi kutentha. Anakatsitsa pa paipi yaifupi ya labala yolumikiza kabureta ndi injini. Pamwamba panalibe kanthu. Koma atakalowetsa kunsi, kumene diso silifika, kanthenga kanapindika kokha, n'kukakamira pa labala.

"Ehe," anatero a Wilbroad.

Anaika chala chachikulu pamalopo, nakanikiza. Mluzu unaduka pomwepo. Nelia anafuula, "Wasiya!" koma atate ake anali akuseka kale, chifukwa dzanja lawo lina linali pa thanki, ndipo injini inali itayamba kupuma mofatsa.

Anachotsa chala, Nelia n'kukweza dzanja. Anakanikizanso, Nelia n'kutsitsa. Anachita zimenezi mobwerezabwereza ngati ana, onse akuseka.

Injini itazizira anamasula paipi ija. Kunsi kwake kunali kamng'alu kakang'ono, kosaoneka mpaka utapinda labalayo.

"M'mawa labala ndi wolimba, kamng'alu kamatseka," anafotokoza a Wilbroad. "Akatentha amafewa, kamatseguka. Ukanaisiya, fumbi lonseli likanalowa momwemu, injini n'kumatentha mpaka kupsa."

Felistus anabweretsa chubu chakale cha njinga. A Wilbroad anadula kalamba, nakulunga paipi ija molimba, namanga ndi waya. Anati zimenezo ndi zongogwirizira, Lolemba Nelia akagule paipi yatsopano mutauni, atenge yakaleyo kuti asamupatse ina.

Dzuwa linali litapendeka. A Wilbroad anapukuta manja, nayang'ana kwadi, nayang'ana kanjira kotsikira kumtsinje.

"Tiiyese," anatero. "Koma ndiyendetsa ndine."

Anayendetsa pang'onopang'ono, msana uli chilili. Anadutsa m'dambo louma, udzu wautali ukuwakhudza m'mawondo, timbewu take tikuuluka mu kuwala kofiira. Nelia anali kumbuyo, atawagwira m'chiuno. Ovolosi inkanunkha girisi wakale ndi sopo wa amayi ake. Kutopa kunamugwira, natsamiritsa chibwano pamsana pawo. Anaona ngati dambo likuyenda lokha, iwo ataima.

"Bwenzi mutandiuza," ananong'ona, osati kuti amve.

Kwadi inachepetsa liwiro.

"Ndikanakuuza kuti chiyani?" anatero a Wilbroad.

Nelia anadzutsa mutu. "Mwandimva?"

Sanayankhe. Iye anabwezera chibwano pamsana paja. "Mwandimva, atate?"

"Ukalankhulira pamenepo ndikukumva bwino," anatero, akudabwa nawonso. "Mawu ako akudutsa m'mafupa. Lankhulanso."

Ndiye Nelia analankhula, chibwano chili pamsana pa atate ake. Anawauza za nsomba zimene zinafa ndi kutentha mwezi watha, za kanyumba kamene ankachita lendi ku Riverside, za mnyamata wina wa ku ofesi ya zamadzi, dzina lake Joel, amene ankafuna kudzaonekera ku Chifubu. A Wilbroad anafunsa kuti kwawo n'kuti, amapemphera kuti. Anafika pamtsinje nkhani isanathe, choncho anangozungulira m'mphepete mwake, Kafue akuyenda mwaulesi pambali pawo, wobiriwira, atanyamula masamba. Pobwerera Nelia anawauza kuti adzawaperekeza kuchipatala. Iwo anati aona. Iye anabwereza, akukanikiza chibwano. Iwo anati chabwino.

Anapitadi, sabata yotsatira, ku Ndola. Adokotala anati zimene zinapita sizibwerera, koma anawapezera kachipangizo kovala kukhutu. A Wilbroad ankakavala Lamlungu ndi pamene kwabwera alendo. Masiku ena ankati kamachulutsa phokoso la maminibasi a Chifubu, n'kukaika m'kabati. Paipi yatsopano inagulidwa, ndipo anabwera okha kudzaimanga.

Loweruka linalo anabweranso, chikwama cha masipana atachisiya kunyumba. Felistus anawaona akutsika pamphambano, nathamangira kukauza Nelia.

"Ba Daka abwera. Chawonongeka n'chiyani?"

"Palibe," anatero Nelia, akutsitsa matumba pa kwadi kuti papezeke malo. "Dyetsa wekha dziwe lakumapeto lero. Ife tipita kumtsinje."