Pakamwa pa Mkazi wa Mikanda

1.

Mkazi wa pa kanemayo ankasesa m'nyumba atavala nsapato za gogoda, mikanda yoyera ili m'khosi. Velonika Kamtedza anamuona koyamba Lachiwiri m'mawa, m'kachipinda kojambulira mawu ku Limbe, kamene makoma ake anamatapo mathireyi a mazira kuti phokoso la maminibasi lisalowe.

Ameneyo ndinu, anatero mwamuna wake Alufeyo, akuloza ndi cholembera.

Ine?

Inuyo, Anagama. Ine ndine wachipewa akulowa pakhomoyo.

Nanga kusesa atatchena chonchi, akupita kuukwati?

Ndi mmene amakhalira kwawoko. Valani mahedifoni.

2.

Wailesi ya kanema ina yaing'ono mu Blantyre inapeza sewero lakalekale la ku America, la zithunzi zakuda ndi zoyera, la banja limodzi losadziwa njala. Zigawo makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Eni wailesi anafuna kuti azunguwo azilankhula Chichewa, ndipo ntchito yomasulira ndi yosankha olankhula anaipereka kwa Alufeyo.

Akanaperekanso kwa yani? Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri iye ndi Velonika anachita masewero a pa wailesi ya mawu, mwamuna ndi mkazi pa maikolofoni, mwamuna ndi mkazi kunyumba ku Chilomoni. Mawu a Velonika ankadziwika kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa, ngakhale nkhope yake ankaidziwa ndi anzake a kutchalitchi okha. Kenaka kuwailesi kunabwera achinyamata, awiriwa anauzidwa kuti akapume, ndipo kwa zaka zisanu mawu otchuka aja ankangoitana nkhuku.

3.

Za m'nyumba ya azungu aja:

firiji yaitali kuposa mwini nyumba
masitepe opita kumwamba
galu wogona pa mpando wa alendo
keke, gawo lililonse keke
mwana wamkazi woyankha makolo ali chiimire
mabedi awiri, la mwamuna uku, la mkazi uko, pakati kathebulo ka nyale
ndi anthu osaoneka.

Anthu osaonekawo ntchito yawo inali kuseka. Bambo akapunthwa, aseka. Mayi akapsereza nyama, aseka. Velonika anafunsa kuti anthu amenewa akhala pati. A Jumbe, mkulu wa imvi amene ankayendetsa makina ojambulira, anati kusekako anakujambula padera kalekale, n'kumangokuthira ngati mchere.

Ambiri mwa iwo anamwalira kale, anatero a Jumbe.

Kuseka tikusiye momwemo, anatero Alufeyo. Sikufuna womasulira.

4.

Mawu a mwana wamkazi anapatsidwa kwa Tinenenji, mtsikana wa ku Bangwe wa zaka makumi awiri ndi zinayi, wamtali, wa mpata m'mano. Alufeyo anati anamuona akuchita sewero pa chikondwerero cha achinyamata. Tsiku loyamba mtsikanayo anapereka moni kwa Velonika atagwada.

Amayi, ine ndakula ndikumvera inu. Mayi anga ankasiya kuchapa mukayamba kulankhula.

Dzuka mwanawe, pansipa pali fumbi.

Muphunzitseni, Anagama, anatero Alufeyo. Zonse zimene mukudziwa. Ife dzuwa lapendeka, otsala ndi awa.

5.

Ndipo anamuphunzitsa, poti kumana mwana nzeru ndi ufiti, anamuuza kuti usayang'ane pepala yang'ana milomo ya mzunguyo, Chingerezi n'chachifupi ngati kabudula pomwe Chichewa chathu n'chachitali ngati chitenje ndiye uchipinde bwino kuti chikwane m'kamwa mwake, akatseka pakamwa nawenso tseka ngakhale mawu atsale, mpweya uzikoka ndi mimba osati ndi mapewa, bweretsa dzanja lako uike pamimba pangapa umve, ukamaseka usaseke ndi mano seka ndi pakhosi, ukafuna kuti womvera alire iweyo usalire ingomeza malovu pakati pa mawu awiri, ndipo mtsikanayo ankalemba zonse m'kabuku, ngakhale pomwe Velonika wausa moyo ankalemba

6.

Mkazi wa mikanda anali ndi mawu ake osasowa pakamwa. Mwamuna wabwera ndi abwana ake kudzadya osachenjeza: Palibe kanthu, bambo. Mwamuna wakhalira chipewa chake chatsopano: Palibe kanthu, bambo.

Anthu osaoneka aseka.

Ankajambula m'mawa. Ikakwana thwelofu, Alufeyo ankaperekeza mkazi wake mpaka pachipata.

Tsogolani, Anagama. Ine nditsale ndi a Jumbe, tilumikize mawu ndi zithunzi.

Nanga Tinenenji?

Ali ndi mizere ina yoti abwereze.

Velonika ankakwera maminibasi awiri, n'kukaphika.

7.

Iwe mkazi wa mikanda, tandiuza. Akazimitsa makamera unkapita kuti? Nsapato zimenezo unkazivula n'kugenda nazo ndani? Milungu isanu ndi itatu ndakhala ndikuyang'ana milomo yako, ndikudziwa pomwe umachedwa kumwetulira. Pa gawo lachisanu ndi chinayi mwamuna wako atatembenuka, nkhope yako inagwa kamphindi ngati nsalu yothothoka pa chingwe. Unaitola msanga. Koma ine ndinakuona.

8.

Atafika pa gawo la khumi ndi chinayi, Alufeyo anaimitsa ntchito.

Tinenenji, tayesa mizere ya mayiyu timve. Kungophunzira.

Mtsikana anayesa. Mawu anatuluka opyapyala ngati tiyi wa pamaliro. Velonika anaseka mpaka kugwira m'nthiti.

Ayi mwanawe, mayi wa panyumba salankhulira m'mphuno. Tsitsa mawu, uwakhazike pachifuwa. Nena pambuyo panga. Palibe kanthu, bambo.

Palibe kanthu, bambo.

Bwerezanso.

Palibe kanthu, bambo.

Eyaa! Koma mwanayu ali ndi khutu!

A Jumbe anadzuka nati akukasuta kunja. Chonsecho sankasuta fodya.

9.

Mayi Chinkhuntha, oyandikana nawo nyumba, anadikira mpaka Velonika atatsiriza kuyanika zovala.

Anzanga, pakamwa pangapa mundikhululukire. Dzulo ndinali ku Limbe. Bambo akwanu ndinawaona akudya tchipisi ndi kamtsikana, mbale imodzi.

Wamtali, wa mpata m'mano?

Yemweyo.

Aa, ameneyo ndi mwana wathu wa kuntchito.

Mayi Chinkhuntha anafinya thaulo louma kale.

Chabwino. Koma mwana sapukuta bambo ake pakamwa ndi chala.

10.

Mwana.

11.

Lamulungu atabwerako kutchalitchi, Alufeyo asanavule jekete, Velonika anamufunsa.

Bambo, Tinenenji ndi ndani kwa inu?

Alufeyo anakhala pansi n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato, chimodzichimodzi, ngati zikuwawa.

Anagama, ntchitoyi yatipeza titaiwalika. Mukufuna tiitaye chifukwa cha miseche ya pa chingwe cha zovala? Zatsala zigawo zisanu ndi chimodzi. Tizimalize mwaulemu.

Sindinafunse za zigawo.

Ukalamba ukukulowani m'maganizo. Pepani ngati ndalankhula mopweteka.

Velonika anali ndi mawu a zaka makumi atatu ataunjikana pakhosi. Anatsegula pakamwa. Chimene chinatuluka anachimva ngati chikuchokera m'mahedifoni.

Palibe kanthu, bambo.

Panalibe woseka.

12.

Anamaliza mu Okutobala, kachipinda kaja katasanduka ng'anjo. Pa gawo lomaliza galu anaba keke patebulo, banja lonse linaseka, chithunzi n'kuima pomwepo mano ali pamtunda. Alufeyo anagula mabanzi ndi zakumwa. Tinenenji anabwera ndi chitenje chokulunga m'nyuzipepala.

Amayi, popanda inu sindikanafika pomwe ndafikapa.

Velonika analandira ndi manja awiri. Mumtima anati: mwamuna akhoza kupita, amuna amapita. Koma mwezi wamawa dziko lindimvanso.

13.

Loweruka loyamba la Novembala, faifi koloko madzulo, kunyumba kwa Velonika:

mipando isanu yobwereka
thobwa ndowa imodzi
mandasi a m'mawa womwewo
amayi a kutchalitchi khumi ndi awiri, ena pamkeka
ana a m'makomo oyandikana, pazenera
magetsi, amene tsiku limenelo sanazime.

Alufeyo kunalibe. Anati akaonera kuwailesi pamodzi ndi mabwana.

14.

Nyimbo inalira. Chitseko chinatseguka, wachipewa analowa, mawu a Alufeyo anadzaza pabalaza. Amayi anakuwa: Ndi bambo Kamtedza amenewo! Mkazi wa mikanda anaika tsache pambali, natembenuka, natsegula pakamwa.

Velonika anali atanyamula kapu ya thobwa. Anaiika pansi bwinobwino.

Mpweya wokoka ndi mimba. Mawu okhazikika pachifuwa. Kumeza malovu pakati pa mawu awiri. Zonse zinalipo, zake zonse, koma pakhosi panali pa Tinenenji.

Amayi analulutira.

Ndinu amene! Mawu anu enieni!

Koma simukalamba inu, mukumveka ngati namwali!

Tanenani pompano timve, palibe kanthu bambo, tanenani!

Mwana wamkazi anatsika masitepe akuthamanga, nayenso Tinenenji, mawu atawakweza m'mphuno. Mayi ndi mwana anakumbatirana, munthu mmodzi akudziyankha yekha. Anthu osaoneka aseka. Amayi khumi ndi awiri aseka nawo.

Pamapeto mayina anakwera pang'onopang'ono. Bambo: A. Kamtedza. Mayi: T. Kamtedza.

Alakwitsa chilembo, anatero mayi wina. Mukawauze akonze.

Mayi Chinkhuntha okha anadzuka n'kuyamba kutolera makapu, osayang'ana munthu.

15.

Alufeyo sanabwere Loweruka limenelo, kapena Lamulungu. Zovala zake anadzatenga ndi mphwake. Ankhoswe anakumana kawiri, ulendo wachiwiri anangomwa tiyi n'kubalalika. Nyumba ya ku Chilomoni inatsala ndi Velonika; Alufeyo anakakhala ku Bangwe.

Kanema wake Velonika anamuphimba ndi nsalu, koma makoma a ku Chilomoni ndi opyapyala. Loweruka lililonse faifi koloko, kwa miyezi isanu ndi umodzi, sewero linkalowa kuchokera kumanja ndi kumanzere, ndi kuseka kwake komwe. Kumsika ogulitsa tomato ankamuonjezera awiri.

Mayi wa pa kanema! Dzulo munatiliza!

Poyamba ankati si ine. Iwo ankaseka, amvekere kudzichepetsa kwanji kumeneku. Kenaka anatopa. Ankangolandira tomatoyo.

16.

Koma Lolemba lija, patangopita masiku awiri chiulutsire gawo loyamba, Velonika anapita ku Limbe. Anapeza a Jumbe okha, akupukuta makina.

Mawu anga ali kuti?

A Jumbe anamukokera mpando. Iye sanakhale.

Mayi, mukatuluka pachipata thwelofu koloko, tinkayambiranso. Ndinkaika mawu anu m'mahedifoni mwa mtsikana uja, iye n'kumayenda pamwamba pake, mzere ndi mzere, mpaka afanane. Gawo likatha, bambo Kamtedza amati fufutani.

Munafufuta?

Ndinafufuta.

Zonse?

Zonse, mayi.

Velonika anagwira msana wa mpando uja. Ankawerenga milungu chobwerera m'mbuyo, kufuna kupeza pomwe zinakhotera: pa tchipisi paja, kapena tsiku limene anamufunsa mwamuna wake, mwina akanakhala chete.

Bambo Kamtedza anasintha maganizo pa gawo liti?

Sanasinthe, mayi. Kalata ya mabwana ndinaiona ntchito isanayambe. Pa mawu a mayi panali dzina la mtsikanayo. Bambo ndiwo analemba. Koma titamuyesa mlungu woyamba, sankatha ngakhale mzere umodzi.

Ndiye ine, m'mawa uliwonse, maminibasi awiri, ndinkabwera kudzatani kuno?

A Jumbe anavula magalasi, nawayang'ana nthawi yaitali ngati yankho lalembedwa pamenepo.

Kudzamuphunzitsa, mayi.