Ufa wa pa Masamba

Mayi Pyo Gyeong-ok anali ndi miphika zikwi zitatu ya zomera za masamba onenepa m'shedi yawo ya pulasitiki mumzinda wa Goyang, komanso mkamwini mmodzi. Pa zonsezi, chowatopetsa chinali mkamwiniyo. Iyeyu, Seok Du-man, atapuma ntchito ya mu ofesi anawerenga timabuku tiwiri ta zomera, basi n'kusanduka katswiri. Chomera chilichonse ankachiloza ndi foni, foni n'kutchula dzina, iye n'kulibwereza mokweza ngati waliphika yekha.

M'shedimo munali chomera chimodzi chimene malemu amuna a Mayi Pyo, a Nam Chil-bok, anachivutikira zaka khumi ndi chimodzi, akukwatitsa maluwa ndi kaburashi. Kwa munthu wamba chinali chimodzimodzi ndi mtundu wina wa pamsika, wogulidwa ndi aliyense. Kusiyana kwake kunali ufa woyera wokuta masamba, wochindikala ngati wopetedwa dala, ndi nsonga zopindikira mkati. Ufawo ukaukhudza ndi chala subwereranso. Lachinayi la sabata imeneyo kunkayenera kubwera mkulu wa bungwe la alimi, Mayi Ha, kudzaona ngati chomeracho n'choyenera kulembedwa dzina la malemuwo. Mayi Pyo, ndi zaka zawo makumi asanu ndi awiri, sankafunanso china pansi pano.

Lachinayilo m'mawa anapita kukagula makeke a mpunga a mlendo. Pobwera anapeza mkamwini ataima pa shelefu yapatsogolo, kansalu konyowa kali m'manja, mano onse pamtunda. Chomera chimene chinali ndi kachikwangwani ka a Nam chinali chopanda ufa, chobiriwira, chonyezimira ngati mbale yotsukidwa.

“Amayi, fumbi linali tho,” anatero Seok. “Foni imalephera kuchizindikira. Tsopano yachidziwa.”

“Yati chiyani foni yanuyo, bambo?”

Seok anayang'ana, nkhope n'kugwa. “Yati ndi cha pamsika.”

“Ndiye timabuku tanu tija sitinanene za ufa? Kapena tsamba limenelo munakulungira nsomba?”

Apo m'pamene zinamulowa. Anayamba kutuluka thukuta, kupepesa, kugwada, mpaka kufunsa ngati ufa wa mpunga sungathandize. Mayi Pyo anakhala pa mpando n'kumamuonerera, ndipo kunena zoona anamva kukoma.

Mayi Ha atafika, Seok anathamangira kukaulula tchimo lake. Mlendoyo anangoponya diso kamodzi pa chomera chotsukidwacho n'kudutsa. Anayenda pang'onopang'ono, manja kumbuyo monga amachitira anthu odziwa, mpaka pakona, pamene panali kamphika kong'aluka kopanda chikwangwani pakati pa timiphika ta pamsika. Anawerama nthawi yaitali osachikhudza chomera cha m'menemo.

“Nsonga izi ndi dzanja la a Nam,” anatero. “Mukadali kuika chikwangwani pa chabodza?”

“Akuba amawerenga zikwangwani, masamba sawerenga. Ndi mmene ankachitira bambo a ana,” anayankha Mayi Pyo.

Mayi Ha anatulutsa pepala n'kulemba dzina lonse, Nam Chil-bok. Mayi Pyo anaona zilembozo misozi ili m'maso, ndipo zinawanyansa kuti mkamwini awaone choncho.

“Miyezi isanu ndi umodzi mwakhala mukudutsa pakonapo tsiku ndi tsiku,” Mayi Pyo anamuuza Seok akulanda kansalu kaja. “Lero ndiye ndathokoza kuti simudziwa kanthu, bambo. Mukanadziwa pang'ono pokha, mukanandiphera amuna anga kachiwiri.”