Anaphunzitsa Galu Wanga Kundiluma

Ine ndinayamba ndi pampu imodzi ndi kachitini ka guluu, kumata matayala m'mphepete mwa msewu. Lero mukafika pa yadi yanga mumayamba mwaima kaye kuti malole anga adutse. Ndayenda ine. Ndagonapo m'mayiko amene dzuwa limatuluka ngati lachita kupemphedwa, ndadyapo zakudya zimene ndinkachita kufunsa kuti kumutu n'kuti, ndakanganapo ndi akuluakulu a m'madoko m'zinenero zimene sindizidziwa n'komwe, ndipo ndinawagonjetsa. Ndikunena izi kuti mumvetse kuti si ine munthu wopusitsika. Koma anandipusitsa a m'nyumba mwanga momwe, pa nkhani ya galu.

Galuyo ndinamupeza kwa mkulu wina wogulitsa zitsulo zakutha, kumene ndinapita kukafuna giyabokosi. Anali atamumangirira ku injini yakufa ndi tcheni chachifupi, moti khosi lonse linali zilonda. Anali asanakwanitse ndi chaka chomwe, koma msinkhu ngati mwana wa ng'ombe, mapazi ngati mbale. Mwiniwake anati watopa naye: waluma wantchito, wang'amba mpando wa galimoto ya kasitomala, ndipo mawa lake amuponyera nyama yothira mankhwala nkhani ithe. Ndinamuyang'ana galuyo, nayenso n'kundiyang'ana osaphethira. Ndinaona njala, ukali ndi mphamvu zosowa pozigwiritsa, zomwe ndinali nazo ine ndili mnyamata. Giyabokosi ndinaisiya. Ndinatenga galu.

Titafika kunyumba ndinamutsekera kuseri, iye n'kulowetsa mutu pansi pa geti yachitsulo n'kuinyamula yonse mpaka kuizula. Ana anga anakuwa kuti ameneyu si galu koma jeke, dzina n'kukhala lomwelo. Mayi a ana anangoti ndabweretsa fisi pakhomo ndipo ndikhala ndikuchapa ndekha zimene ang'ambe. Mphwanga, mng'ono wanga amene ndinamulera ndekha, yemwe ankagona m'nyumba yakuseri ndi kundiyang'anira yadi ndikachokapo, anaseka n'kunena kuti achimwene atopa ndi kulamula anthu, tsopano akufuna kulamula zilombo.

Sindinganame, miyezi yoyambayo Jeke anali mliri. Anadya nsapato yanga yakumanzere yokha, ya chikopa chenicheni, imene ndinaigula m'sitolo mmene amachita kukugwadira pokuyeza phazi. Anakoka zovala zonse pachingwe n'kugonapo. Wokhometsa ndalama za madzi anathawira padenga la galimoto n'kukhala pomwepo mpaka ndinabwera. Ukangotukula dzanja, ngakhale kuti ukande m'mutu, iye ankakhala chogwada, mano pamtunda, akulira chapakhosi ngati injini ya dizilo. Pafupi ndi mbale yake panalibe woyandikira.

Koma kuyenda kumaphunzitsa. Padoko lina lakutali ndinali nditaonapo mayi wina wamfupi akuyenda ndi chigalu chofufuza katundu, wopanda ndodo, wopanda kukalipa, m'chiuno ali ndi kathumba ka nyama youma basi. Ndinachita zomwezo. Ndinkayanika chiwindi, n'kumachiduladula n'kuika m'thumba, moti ndinalowapo mu ofesi ya bwana wa banki suti yanga ikununkha butchala. Jeke ankadya kuchokera m'dzanja langa. Akakhala pansi ndikamuuza, kachiwindi. Akasiya nsapato ndikati siya, kachiwindi. Akalakwa ndinkangomupatsa nkhongo, ndipo zimenezo zinkamupweteka kuposa chikwapu. Ndinkamukweza mpando wakutsogolo kupita naye kuyadi, kumsika, pageti ya sukulu, kuti aone anthu amitundumitundu, amve mahutala, adziwe kuti dzanja lotukulidwa si nthawi zonse limatsika ndi ndodo.

Chaka chisanathe munthu akanabwera kudzaona. Mwana wanga wamng'ono ankamukoka makutu, iye n'kumangoyasamula. Mlendo akafika pageti, Jeke ankaima njii, kuuwa kamodzi kokha kochokera m'mimba, kenako n'kutembenuka kundiyang'ana kuti ndinene. Ndikaimba likhweru ali kumapeto kwa yadi, ankadutsa pakati pa malole ngati mphepo n'kudzakhala pamapazi anga. Madalaivala ankamutcha abwana aang'ono.

Mphwanga yekha ndiye sankagoma. Ankati ndamuwononga galu, ndamusandutsa mlamu wa aliyense. Ankati galu wolonda amayenera kukhala mumdima tsiku lonse, asaone munthu, kuti akamutsegulira azidana ndi chilichonse choyenda. Ndinkamuyankha kuti nzeru zimenezo n'za anthu amene ulendo wawo wautali ndi wa kuchigayo, tonse n'kuseka.

Kenako panabwera ulendo wokatenga malole atsopano kutsidya la nyanja. Ndisananyamuke ndinawakhazika pabalaza, mayi a ana ndi mphwanga, n'kuwauza kuti yadi ayendetse mmene angathere, koma Jeke asamumange, asamutsekere, ndipo wina asayerekeze kumumenya. Mayi a ana anati ndikanamawasiyira iwo malangizo achikondi ngati amenewa bwenzi atanenepa. Mphwanga anagwira pachifuwa.

"Pitani bwino, achimwene. Mudzamupeza mmene mwamusiyira."

Ulendowo unatalika. Sitima inachedwa, mapepala anavuta, milungu n'kusanduka miyezi. Ndikaimba foni, nditafunsa za ana, ndinkafunsa za Jeke. Mayi a ana ankati ali pompano wagona pamapazi awo. Mphwanga ankati wanenepa ngati dalaivala wa basi. Ndikati muikeni foni pakhutu ndimuimbire likhweru, ankati watuluka ndi ana, kapena kuti netiweki ikuvuta. Ine amene ndimagwira bodza la dalaivala asanatsegule pakamwa, ndinkangoseka n'kudula foni mtima uli m'malo.

Ndinafika masana dzuwa lili paliwombo, osawauza, m'thumba muli lamba watsopano wa m'khosi wokhala ndi dzina lake. Nditatsika pageti ndinaimba likhweru. Kunali zii. Ndinaimbanso. Kuseri, m'kashedi ka malata mmene tinkasungamo matayala akutha, munamveka chinthu chikugunda khoma. Ana anandithamangira, mayi awo n'kutuluka kukhitchini akupukuta m'manja, nkhope itagwa, akuti ndidikire kaye alamu abwere. Sindinadikire. Galu wanga, pakhomo panga, ndidikire ndani?

Nditasolola chitsulo chotsekera shediyo, fungo la mkodzo ndi kutentha zinandimenya kumaso. Ndinati, "Jeke, ndine." Anatuluka mumdimamo mphuno ili m'mwamba, ananunkhiza kamodzi, ndipo ndinaona maso ake akusintha. Sanauwe. Anangodumpha. Ndinatchinga khosi ndi mkono wamanzere, mano n'kulowa mpaka kufupa, ndipo tinagwa limodzi pafumbi. Ndinati siya, ndinati khala, ndinanena mawu onse amene ndinamuphunzitsa. Ankangogwedeza mutu uku ndi uku ngati akung'amba thumba. Mphwanga ndiye anatulukira akuthamanga, n'kukuwa liwu lina lachilendo, ndipo galu uja anandisiya nthawi yomweyo, n'kupita kukakhala pambali pake.

Kuchipatala anandisoka ngati tayala la thirakitala. Madzulo ake, mkono uli m'bandeji, ndinawakhazikanso pabalaza pomwe paja, ndipo nkhani inatuluka pang'onopang'ono. Nditachoka, akuba analowa kwa aneba masanasana n'kumanga mayi wa kumeneko ndi waya wa ayironi. Mayi a ana anachita mantha. Mphwanga anati galu wogwedezera mchira aliyense sangatiteteze, ndipo anabweretsa munthu wina amene amamutcha Sajeni, mlonda wakale amene amayenda m'makomo kukalusa agalu. Sajeni analamula kuti Jeke atsekeredwe mumdima, azidya kamodzi, ndipo womupatsa akhale mmodzi yekha, mphwanga. Sajeniyo ankabwera kudzamuputa: kumenya malata, kumukwapula ndi payipi, kenako n'kumupatsa mkono kuti alume.

Ndinafunsa kuti munthu angapereke bwanji mkono wake kwa galu ngati Jeke. Onse anayang'ana pansi. Mphwanga anati Sajeni anapempha chovala chokhuthala.

Ndinadzuka n'kupita kuchipinda, n'kutsegula wodilopu. Munalibe chijasi changa chachikopa cha ubweya m'kati, chimene ndinachigula kudziko kumene madzi amauma m'mipope, chimene ndinavala m'misewu yonse ya kumeneko mpaka thukuta langa linalowerera m'ulusi uliwonse. Ndinakachipeza kuseri kwa shedi, manja ali nsanzansanza, chili gwaa ndi malovu ouma. Miyezi yonse ija, munthu amene ankabwera ndi payipi kudzamenya Jeke mumdima ankanunkha ine.

"Chimangokhala m'wodilopu, bambo a ana," anatero mayi a ana ali pakhomo. "Kuno kumazizira liti? Sitinaganize."

"Nanga pamapazi panu paja pankagona ndani?"

Anatembenuka n'kubwerera m'nyumba. Mphwanga anati ankaopa kundisokoneza ndili kutali, ndipo kunena zoona galu tsopano ndi galu, palibe wakuba angayerekeze. Ndinamuonetsa bandeji n'kumufunsa ngati wakuba wake ndi ameneyu. Anati pepani achimwene, koma kamwa lake linkaoneka kuti likufunabe kupambana.

Ine sindigonja msanga. Ndinathamangitsa Sajeni tsiku limene anabweranso, ndipo anaiwala njinga yake pothawa. Ndinagwetsa shedi, n'kumangira Jeke mpanda wa waya pamthunzi. Ndinayanikanso chiwindi. M'mawa uliwonse ndinkakoka mpando n'kukhala chapatali, osamuyang'ana, ndikumuponyera tizidutswa. Sankatidya. Mphepo ikangochokera kwa ine, ubweya wa pamsana unkaima, ndipo ankadziponya pawaya mpaka m'kamwa kutuluka magazi. Ndinasintha sopo, ndinasintha mafuta odzola, ndinavala ovolosi ya makaniko wanga. Ankandidziwabe. Koma mphwanga akatulukira ndi mbale, chigalu chonse chija chinkagona chagada, mchira ukusesa fumbi.

Tsiku lina mwana wanga wamng'ono anavala chipewa changa posewera n'kudutsa pafupi ndi mpandawo. Jeke anamudumphira, waya n'kupindika, koma anagwira. Mwana sanavulale, anangodzikodzera ndi mantha. Madzulo omwewo mayi a ana anandiuza kuti galuyo abayidwe jakisoni, apo ayi atenga ana apite kwawo. Ndinati n'zodabwitsa kuti amene anathyola mwendo ndi amene akufulumira kuudula. Analira, koma sanasinthe mawu, ndipo pa za mwana sindikanawatsutsa.

Dokotala wa ziweto anabwera ndi chikwama chake. Anamuyang'ana Jeke nthawi yaitali, anandiuza kuti ndiyandikire, kenako kuti ndichoke, kenako anaitana mphwanga. Atatha anati galuyo ndi wamng'ono, akhoza kuchira, koma osati pakhomo pamene pali ine ndi zovala zanga ndi ana. Anati pafunika malo otakasuka ndi munthu amene galuyo amamukhulupirira, ndipo munthu woteroyo watsala mmodzi. Ngati zimenezo sizitheka, jakisoni ali nayo m'chikwama, ndipo sapweteka. Anatsegula chikwamacho n'kundidikira.

Ndinayang'ana mphwanga. Mwana amene ndinamuphunzitsa kugwira sipanala, amene ndinkamupatsa bedi ine n'kugona pansi, anali ataima dzanja lili pamutu pa galu wanga, akumukanda kuseri kwa khutu, penipeni pamene ndinkamukanda ine.

Ndinauza dokotala kuti atseke chikwama.

Ndili ndi kayadi kena kutali, kumapeto kwa msewu wa malole anga, kokhala ndi mpanda waukulu ndi kanyumba kamodzi, kumene madalaivala amangosinthirako matayala. Ndinauza mphwanga kuti alongedze, akakhale kumeneko ndi Jeke. Anati ndikumuthamangitsa chifukwa cha galu. Ndinati ndikumutuma chifukwa cha galu, ndipo ndikadzamva kuti wamutsekera kapena wamukwapula, asadzanditchulenso achimwene. Yadi yaikulu ndinaipereka kwa makaniko wamkulu.

M'mawa wonyamuka, dokotala anali atanena kuti ndisaonekere panja, kuti galu akwere pikapu mwamtendere. Ndiye ine, mwini nyumba, mwini pikapu, mwini galu, ndinaima m'chipinda chodyera kuseri kwa katani. Ndinaona Jeke akutuluka mumpanda, akuyenda pambali pa mwendo wa mphwanga chingwe chili lende, monga ndinamuphunzitsira ine m'misewu yonse ija. Anadumphira kumbuyo n'kukhala pansi asanauzidwe. Ana anamutsanzika ali pakhonde, mayi awo atawagwira mapewa.

Mphwanga anamanga chingwe, n'kubwerera m'nyumba. Anaima pakhomo pa chipinda chodyera chipewa chili m'manja, akusowa poyambira. Anati Jeke adzamusamala. Anati mwina pakapita nthawi ndidzapite ndikamuone. Kenako anayandikira, n'kutambasula dzanja.

Ndinabisa langa kumbuyo.

"Usandigwire," ndinatero. "Akakununkhiza n'kumva fungo langa."

Anayang'ana dzanja lakelo, n'kulilowetsa m'thumba, n'kutuluka.